Matebeto ya ba Meya Chabwera

Tsiku lamene Chisala anamuona koyamba Goliati Chabwera, anamupeza aimilila pa dilamu pafupi na pompi ya mu komboni ya George ku Lusaka, wezulo pakamwa, alongosola mabaketi ya bazimai. Palibe anamusankha, palibe anamutuma. Anangouka tsiku lina kuseni, anaona bazimai bakangana pa mzele wa manzi, basi anakwela pa dilamu. Kuchokela apo, muzimai akamupatsa moni kuti "mwauka bwanji ba Cheyamani," baketi yake inali kuyenda kutsogolo monga ili na mendo. Uja wongoti "iwe Goliati," yake inali kutsalila kumbuyo mpaka pompi yauma.

Chisala anali mtsikana wa Chibemba wogulitsa vitumbuwa, wopanda mantha pakamwa. Anamuyang'ana kamunthu kafupi kaja nakamba kuti, "Iwe, seluka apo uzathyoka." Baketi yake inakhala kumbuyo sabata yonse. Sabata yachibili Goliati anainyamula yeka mpaka kunyumba kwa mtsikana. Mukamufunsa Chisala lelo kuti anaonapo chani pa mwamuna uja, azakuuzani kuti anali kufuna manzi.

Batate bake Goliati banachokela ku Malawi kudala, banali telala pa khonde ya shopu ku Matero, munthu wa zii, manyeleti pakamwa tsiku lonse. Mau yonse yamene mudala uja sanakambe pa umoyo wake, mwana ndiye anayatenga. Nchito yeniyeni Goliati sanaigwilepo. Chinthu cholema kupambana pepala sananyamulepo, kuchotsako baketi ija. Pompi itamuchepela anasamukila ku malilo. Ndiye anali kugwila pulogalamu, kuitana bamene baike maluba pa manda, kuuza banthu pamene bayambe kulila na pamene baleke. Misozi yake inali pafupi monga ya mwana. Anali kulila bwino munthu wamene sanamuonepo, mpaka bene bake malilo kumvela nsoni kuti balila pang'ono.

Nyumba anamanga ni Chisala. Vitumbuwa kuseni, chikanda masana, buloko imodzi lelo, zibili mailo, mwana Gloria ali kumsana. Inatha zaka zisanu kuti ifike pa malata, vipinda vibili na ka khonde. Manje pamene banabwela bolembetsa manyumba, Chisala anali ku maliketi, ndipo banthu baja banali kukamba Chizungu. Goliati anavala jekete nayenda. Pepala ya nyumba inatuluka na dzina imodzi, ndipo simufunika kuuzidwa kuti ya ndani.

Chaka china cha masankho inabwela lole ya chipani na vimasipika pamwamba, ifuna munthu wodziba kukuwa. Goliati anakwela kuti abathandize Chiwelu na Sondo chabe. Lole ija inamusiya ku ka tauni kena ka m'mbali mwa njanji, kamene kali na msewu umodzi wa tala na ma shopu yobelengeka. Kuja anapeza malilo yambili yalibe woyendetsa. Zaka zitatu, wankhala kansala.

Umeya unabwela so. Masiku yaja meya banali kusankhana beka makansala, ndipo banagabikana pakati, aba sibafuna munthu wa aba. Banakangana mpaka kuponyelana mipando. Pothela pake banayang'ana mu chipinda muja kuti ni ndani wamene sangaopse munthu aliyense, maso yonse yanagwela pa mlendo wamufupi wa ku Lusaka. Banamuveka mkanjo ofiila na tcheni ya golide pakhosi, mkanjo ukokeka pansi. Kuyambila tsiku ija ni ba Meya, naise tibatchule so.

Vamene banachita pa umeya ni vodzibika. Banapentesa miyala ya m'mbali mwa msewu kuti ikhale yoyela. Banatsegulila chimbuzi cha pa siteshoni kabili, chifukwa tsiku loyamba wojambula anachedwa, liboni banachita kuilumikiza na mfundo. Banaika chitunda pa msewu kuti mamotoka yaziyenda pang'onopang'ono, ndipo motoka yoyamba kusiya chitsulo pa chitunda chija inali yao. Banapezanso Madamu, tichala wa mawigi, chifukwa ati meya afunika mukazi odziba kugwila foloko. Chisala nkhani iyi anaimvela kwa kondakitala wa basi.

Ku George banabwelako kamodzi, mu mvula, na motoka ya mbendela. Motoka inakana matika pa kona ya tavani. Ba Meya banayang'ana nsapato zao, banayang'ana manzi, banatuma dilaiva na mphatso ya mukazi wao. Inali kalenda ya nkhope yao, mapepala khumi na yabili, paliponse bamwetulila na tcheni. Chisala anakulungila vitumbuwa. Banthu banadya mafuta ya pa nkhope ya ba Meya kufikila Disemba.

Umeya unatha chaka chimodzi na miyezi inayi. Makansala banagwilizana, banatenga tcheni yao. Masankho yotsatila ukansala unapita, Madamu naye anapita na masofa. Ba Chabwera banayesa ubusa, mpingo unathela pa banthu basanu. Banayesa kugulitsa mankhwala yoondetsa. Koma dzina inakhalilila, pakuti umeya uli monga chipsela cha moto, chilonda chipola koma banthu baloza pamenepo. Patapita zaka makumi yabili chichokele, banatulukila mu George na sutikesi imodzi, imvi mbuu, nakugona ku ka chipinda ka kumbuyo kwa ba Edmond, munzao wa chipani.

Tsiku lina masana Chisala asankha nyemba pa khonde, anamvela mau ya ba Meya yamuitana mwa Chibemba na dzina ya mwana, "Odi kuno, bana Gloria."

"Odini. Motoka mwaisiya pa kona?"

"Imwe na milomo. Nabwela na nkhani yabwino." Banankhala pa ka benchi osauzidwa. "Nifuna kuimilila pa ukansala kuno kwathu. Manje bazimai ba mu wadi bakamba maningi. Ati munthu anasiya mukazi mu matika angasunge bwanji wadi."

"Banama?"

"Ni ndale izo, simungazimvetse. Chamene nifuna ni chimodzi. Munichitile matebeto."

Chisala analeka kusankha nyemba. Matebeto ni mwambo wa kwao ku Chibemba, wamene manje Lusaka yonse inatengela. Mwamuna akasunga bwino mukazi zaka zambili, bachibale ba mukazi baphika vakudya va mitundu yonse, bamanga mapoto mu vitenge, basenza pamutu na ng'oma kupeleka kwa mwamuna, kuti dziko yonse ione kuti uyu tamuyamika. Ba Goliati pa unyamata banali kuseka mwambo uyu, ati ise ba kum'mawa sitinyengelela mwamuna na vinkubala va vakudya.

"Nikuyamikeni chani, bashi Gloria? Kalenda?"

Ba Meya banayang'ana malata, banagogoda chipupa na chala monga munthu ofuna kugula chivwende. "Nyumba yolimba iyi. Mudziba pepala yake ili mu sutikesi yanga? Pali mwamuna wina wa mahadiweya anifunsa katatu, ati pano pangankhale shopu. Kampeni ifuna mphamvu, bana Gloria. Ine sinifuna kugulitsa, Mulungu aona. Mukanithandiza, tikapita masankho, pepala nizakupatsani na manja yabili."

Banatapa nyemba zingapo mu lichelo, banaziyang'ana, banazibweza, nakuyenda.

Chisala anali na zaka makumi yasanu na zisanu na zitatu, mendo yotupa na mbaula. Kumunzi kunalibe wamene anatsala. Gloria anali kusebenza mu kemisiti mu tauni, ankhala chipinda chimodzi na mwamuna na bana batatu. Bakamuchotsa Chisala pa nyumba ija, kunalibe kwina. Anadzibanso kuti "tikapita masankho" ya ba Goliati ni tsiku lamene silifika.

Anamanga chitenge nayenda kwa ba Ketty. Aba ni banachimbusa, nkhalamba ya Chibemba yolangiza vikwati, ya mau monga mwamuna na nsunko mu kabotolo. Theka ya bazimai ba mu George inapita mu manja mwao. Banamvetsela nkhani yonse, banafwenkha nsunko, banayetsemula.

"Chimudala chodya mbeba chija chifuna kuyamikiwa? Tizachiyamika. Uzaphika chani, mwana wanga?"

"Vamene bananidyetsa."

"Nanga pepala?"

"Ndiye nabwelela, mayo. Imwe ndimwe mudziba kumasula mfundo."

Ba Ketty banaseka mpaka kukhosomola. Madzulo yake Gloria analemba kalata ya Chizungu yokamba kuti nyumba ni ya Chisala Mutale, na malo yatatu yosainapo.

Chiwelu chamene banapangana, pa yadi ya ba Edmond panali tenti, vimasipika, na banyamata ba chipani mafoni m'mwamba. Ba Meya banankhala pa sofa yobweleka, bavala mkanjo ofiila. Weniweni unatsala ku kaunsolo, uyu banasokesa ku telala na nsalu ya makatani. Banaitana bazimai ba mipingo yonse, pakuti ndiye mavoti yamene banali kufuna.

Cha m'ma thili koloko ng'oma zinamveka kuchokela ku maliketi. Bazimai makumi yatatu pa mzele, aliyense poto pamutu yomangiwa mu chitenge, ba Ketty kutsogolo, Chisala kumbuyo wofunda kumutu monga mwambo ufuna. George yonse inatsatila. Bana, bakamwa kachasu, na bagalu. Pa geti banaima, monga mwamene bachitila, mpaka bachimuna baponye kanthu pansi. Banaloba chogwada, banagona pansi uku na uku kuomba m'manja. Ba Meya chifuba chinakula, bagwedeza mutu ku mafoni.

Mtolo waukulu unaikiwa pa mendo pao. Pa mwambo uyu mfundo ya chitenge samasula na manja, nachimbusa amasula na meno. Ba Ketty banagwada, banaluma mfundo, banakoka kamodzi, banaleka.

"Yakana."

Banthu banaseka, pakuti mfundo ikana nthawi zonse mpaka mwamuna aikepo kanthu. Ba Meya banaikapo. Ba Ketty banalumanso.

"Yakana ndithu. Ati ndalama za odya mbeba zinunkha utsi."

Banthu banasekanso. Mubemba na wa kum'mawa ni chimbuya, batukanana pa malilo na pa ukwati, ndipo okwiya ndiye opusa. Ba Meya banaseka nao, meno chabe.

"Manje ifuna chani, mbuya?"

"Ati ifuna pepala ya nyumba."

Ba Meya banabelama, banakamba pansipansi. "Mayo, tinapangana kuti tikapita masankho."

Ba Ketty banaimilila, banalanda maikolofoni kwa ba Edmond. "Bazimai ba mu George, mwamvela? Ba Meya baninong'oneza kuti sibangadye vakudya va mukazi wao bakalibe kumupatsa nyumba! Ati lelo lomwe, pamaso panu! Mwamuna wa so munamuonapo?"

Nthungululu zinang'amba tenti. Ng'oma zinalila. Mafoni yonse yanabwela pa mphuno ya ba Meya. Banayang'ana ba Edmond, ba Edmond banayang'ana kumwamba. Kunalibe pothabila. Sutikesi inabwela, pepala inatuluka yachikasu na ukalamba, Gloria anafika na kalata na bolopeni. Banasaina ba Meya, banasaina ba Edmond, banasaina bakulu ba mpingo. Ba Ketty banapinda mapepala yonse yabili nakuyalobetsa pansi pa chitenge chamene Chisala anafunda. Mfundo inamasuka na kuluma kumodzi.

Apo ndiye banayamba kuvundukula mapoto. Pa matebeto banthu bayembekeza nkhuku yathunthu, nsomba zouma, chikanda, visashi, munkoyo. Ndipo nachimbusa afunika kufotokoza poto iliyonse.

"Iyi," ba Ketty banakweza poto yoyamba, "ni makoko ya kabichi, yaja yakunja yamene bataya pa maliketi. Mukazi wanu anadya chaka chamene munakwela lole. Iyi ni bondwe ya m'mbali mwa ngalande, ilibe mafuta ya saladi, ilibe tomato. Chaka chamene munankhala kansala. Iyi ni mitu na mendo ya nkhuku. Khisimasi ya chaka chamene munavala tcheni, pamene thupi ya nkhuku munali kudya na Madamu, na foloko."

Kuseka kunayamba kuchepa. Poto pambuyo pa poto, impwa zobaba, nyama soya yophika na manzi, kansima kamodzi ka pamela, kaja kaunga ka mu pulasitiki kogula tsiku na tsiku. Bazimai bambili pa tenti paja vakudya ivi banali kuvidziba bwino, bena banadya ivo dzulo lake.

Poto yothela ba Ketty banaivundukula pang'onopang'ono. Munali manzi yotentha chabe.

"Iyi ni ya mwezi wamene Gloria anagona mu chipatala. Mukazi wanu anali kuika poto iyi pa mbaula panja, kuvundikila, kuti baneba baziti pa nyumba ya ba Meya baphika. Idyani, tata. Takuyamikani."

Na bakachasu banaleka kusuntha. Chisala anali akali pansi pa chitenge. Zaka makumi yabili anayembekeza kuona mwamuna uyu asoba mau, ndipo anasuzumila pa kampata kuti asaphonye.

Ba Meya banayang'ana mapoto nthawi itali. Banatambasula manja kuti babasambike. Banatema kansima ka pamela, banatobela mu makoko ya kabichi, banadya. Banadya bondwe. Banakukuta mutu wa nkhuku mpaka mulomo. Banapempha kapu, banatunga manzi yotentha yaja, banamwa yonse. Pamene banaimilila, misozi ija ya ku malilo inali itafika kale pa chibwano.

"Bana ba George! Banzanga bena pa matebeto bapatsiwa nkhuku, chifukwa bakazi bao babanamiza. Ine mukazi wanga wanidyetsa vamene imwe mudya! Nalaba njala yanu na pakamwa panga! Uja munzanga wamene tipikisana naye, anamwapo manzi ya poto iyi? Nikaloba mu kaunsolo, palibe muzimai mu wadi ino azaphika manzi pa mbaula! Palibe!"

Banyamata ba chipani banayamba, bazimai ba mipingo banatsatila. Banabanyamula ba Meya m'mwamba na mkanjo wao wa makatani, kuzungulila nao yadi. Na bazimai bamene banasenza mapoto, bamene banadziba nkhani yonse kuchokela pa chiyambi, Chisala anabaona bavina. Ba Ketty banalavula pansi. "Chimunthu ichi ungachiponye mu chimbuzi, chizatuluka na liboni na sizasi."

Pamene bazimai banali kusonkhanitsa mapoto, ba Meya banafika pafupi na Chisala, bapukuta thukuta na mkanjo.

"Bana Gloria, mwanichitila kampeni yamene ndalama siingagule. Nyumba tengani, nilibe nayo mau. Nikawina, chipani chizanipezela malo yoyenela kansala. Koma nikaluza, ba Edmond chipinda chao bachifuna. George yonse yaona lelo kuti tagwilizana. Mwamuna sangagone panja mukazi wake ali na nyumba, banthu bangakusekeni."

Banamusisita pa phewa nakubwelela ku mafoni.

Kuseni kwake Chisala anafika pa kiyosiki ya manzi na vigubu vibili, mapepala yali pa chifuba mkati mwa bulauzi. Mzele unali utali ndipo bonse banali kukamba va dzulo. Pomuona banatembenuka.

"Bana Gloria, mwatichititsa nsoni ise bokwatiwa! Manje tiuzeni zoona. Mudala uja timuvotele olo timugwetse?"

Chisala anatula vigubu pansi.

"Mumuvotele. Imwe, bamuna banu, na bana banu bamene bali na makadi yovotela. Odwala mumunyamule pa wilibala. Ngalande sazakumba, ivo ibalani, ndipo manzi pa mbaula muzaphika monga kale. Koma ine mwamuna uja nimudziba. Akawina amayenda, simumuonanso zaka makumi yabili. Akaluza azabwela kwanga na sutikesi. Manje amene azavotela wina, ayambe kukonza mphasa, chifukwa nizamupelekela ba Meya pakhomo pake na ng'oma."